MAKINA AKALANGIZA MLIMI, MWINI MAWU NDANI?

Kumwera kwa mzinda wa Lilongwe, mbali imene kuli Nathenje ndi Mitundu, kunafika mlangizi wachilendo m'chaka cha 2024. Mlangizi ameneyu alibe njinga, alibe nyumba ya Boma, ndiponso dzina lake silipezeka m'buku la malipiro la Unduna wa za Malimidwe. Iye amakhala m'foni ya m'manja, nayankha mafunso a alimi m'Chichewa ndi m'Chingerezi, usana ndi usiku womwe. Eni ake anamutcha Ulangizi. M'mwezi wa June chaka chomwecho atolankhani a kunja analemba za mudzi wa Ndodo, umene uli pa mtunda wa makilomita 40 kumwera kwa Lilongwe, kumene alimi anasonkhana pamthunzi wa mtengo kumvetsera mawu ochokera m'foni, akuwafotokozera za kathetsedwe ka nankafumbwe amene anali kuwononga mbatata yawo.

Chida chimenechi chinakonzedwa ndi bungwe la Opportunity International, limene likulu lake lili ku Chicago m'dziko la America, ndipo chimayenda pa WhatsApp. Munthu amalemba funso, kapena kulinena pakamwa, kapenanso kujambula tsamba lodwala ndi kutumiza chithunzicho. Tsono makina amasanthula buku la Chingerezi la malangizo a ulimi la Boma la Malawi, mothandizidwa ndi ChatGPT, nabweza yankho. Izi ndizo zimene anthu ophunzira akuzitcha AI, ndiko kuti nzeru za makina. Popeza mafoni otere ndi osowa m'midzi, ndiponso alimi ambiri sanapite patali ndi sukulu, bungwelo linaika anthu apakati amene amanyamula foni, kufunsira alimi anzawo ndi kuwatanthauzira yankho. Pofika 2025 ntchitoyi inali itafika mpaka ku Mulanje, kumene namondwe wa Freddy anakokolola minda mu March 2023, ndipo Boma linali kuichirikiza.

Munthu wodziwa za kumudzi sangainyoze ntchito imeneyi. Alangizi a Boma ndi ochepa, kotero kuti m'madera ambiri mlangizi mmodzi ayenera kuyendera mabanja oposa 1,000, ena a iwo okhala kutsidya kwa madambo amene njinga siwoloka nthawi ya dzinja. Chikhalirecho mavuto a m'munda sadikira tsiku la msonkhano. Mbozi za ntchemberezandonda zitafalikira, Boma linalengeza mu December 2017 kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'ngozi, ndipo mu March 2024 linalengezanso chimodzimodzi m'maboma 23 chifukwa cha ng'amba. Mlimi amene wapeza mbozi mumtima mwa chimanga chake Lolemba m'mawa safuna yankho la sabata ya mawa. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mlendo uyu wadzadi nako. Komatu kalumo kakuthwa kamameta ndi kutema komwe. Funso limene liyenera kuvuta antchito a Boma ndi aphunzitsi ndi ili: makina akalangiza mlimi, mlimiyo namvera, mbewu nkupserera, mwini wake wa mawuwo ndani?

Njira imene malangizo amayendera

Kuti kulemera kwa funsoli kumveke, nkofunika kukumbukira m'mene malangizo a ulimi akhala akuyendera m'dziko muno. Mbewu yatsopano kapena kalimidwe katsopano kamayamba kuyesedwa ku malo a kafukufuku monga Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka, kapena ku sukulu ya ukachenjede ya Bunda, imene ili pafupi ndi Mitundu pomwepo. Zikaoneka kuti nzopindulitsa, zimapita ku komiti ya Unduna imene ntchito yake ndiyo kuvomereza kapena kukana luso latsopano lisanafike kwa alimi. Zikavomerezedwa zimalowa m'buku, ndipo alangizi amaziphunzira, nazitengera kwa alimi otsogolera ndi ku minda ya chitsanzo. Alimi ena amaitanidwa ku maphunziro ogonera komweko, monga amene achitikira pa malo a maphunziro a ulimi a ku Nathenje. Langizo lodziwika lija lakuti mizere italikirane masentimita 75, ndi kuti chimanga chibzalidwe mbewu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25, silinagwe kumwamba. Linayesedwa m'minda, nalandiridwa ndi akulu a Unduna lisanalalikidwe m'midzi.

Njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo alimi aidandaula kawirikawiri. Koma ili ndi ubwino umodzi umene suoneka msanga, ndiwo wakuti pa khomo lililonse pali munthu wa dzina. Ngakhale uthenga wa pa wailesi wa Ulimi wa Lero, nkhani za m'magazini ya Za Achikumbi, ndi mauthenga a pa foni a 3-2-1 amene anayamba mu 2014, zonsezi zinali kulembedwa kamodzi, kuwerengedwa ndi akatswiri, ndi kutumizidwa kwa anthu onse mofanana. Uthenga wotere ukalakwika umapezeka pa pepala, wolemba wake amadziwika, ndipo ukhoza kubwezedwa ndi kukonzedwa.

Nzeru za makina sizitero ayi. Makina sasunga mayankho olembedwa kale, ngati chimanga m'nkhokwe, kuti azitapamo akafunsidwa. Yankho lililonse amaliumba pomwepo, polumikiza mawu monga anazolowerera m'zolembedwa zankhaninkhani zimene anaphunzitsidwa nazo. Alimi awiri ofunsa chinthu chimodzi akhoza kulandira mayankho osiyana mawu, mwinanso osiyana mfundo. Chotero palibe komiti imene ingawerenge yankho lisanatuluke, pakuti funso lisanafunsidwe yankholo kulibe. Okonza Ulangizi anachita mwanzeru pomangirira makinawo ku buku la Boma, popeza kutero kumachepetsa kusokera. Koma mbuzi yomangidwa pa chikhomo imadyabe chilichonse chimene chingwe chifikako. Ndiponso makina onse a mtundu uwu ali ndi khalidwe lina limene opanga ake omwe amachenjeza nalo poyera: amanena cholakwa ndi mawu okoma ndi okhazikika omwewo amene anenera cholondola. Mlangizi wa thupi ndi mwazi akakayika amakanda mutu, nati adzabweranso mawa atafunsa akulu ake. Makina sakanda mutu.

Pamene phazi lingaterereke

Poterera poyamba ndi pa chilankhulo. Buku lili m'Chingerezi, funso lili m'Chichewa, ndipo yankho liyenera kubwerera m'Chichewa. Ndiye kuti mawu awoloka mtsinje kawiri. Makina anaphunzira Chingerezi m'mabuku osawerengeka, pamene Chichewa cholembedwa nchochepa, ndipo Chichewa cha m'munda nchochepa koposa. Mayi wa ku Nathenje akati munda wake wagwa kaufiti, mlangizi aliyense adziwa kuti akunena kachitsamba ka maluwa ofiira kamene kamayamwa mizu ya chimanga m'nthaka yoguga. Koma mawuwo paokha aloza kwina kumene, ku zinthu za usiku. Dzina lakuti chiwawu alimi amatchulira matenda angapo osiyana amene onse amawaula masamba, ndipo mankhwala ake si amodzi. Nthenda imodzi yomweyo ya nkhuku ena aitcha chitopa, ena chideru. Mlangizi amene wakhala zaka zisanu m'dera limodzi amadziwa zonsezi ndi khutu, osati ndi buku.

Miyeso nayo ili ndi mbuna yake. Mabuku a akatswiri amawerengera pa hekitala, pamene mlimi amadziwa munda wake m'maekala, kapenanso mwa kuchuluka kwa mizere. Hekitala imodzi ndi maekala awiri ndi theka pafupifupi. Mankhwala oyenera hekitala akathiridwa pa ekala imodzi, ndiye kuti apitirira kawiri ndi theka. Zikatembenuka, mbozi zimangoledzera pang'ono nkudzukanso, ndalama zitapita. Buku limanena mamililita ndi magalamu, koma kumudzi muyeso ndi chitsekerero cha botolo, supuni, chitini ndi ndowa, ndipo zitsekerero sizilingana kukula. Mlangizi wozolowera amafika pa mundawo, naupima ndi mapazi, nafunsa kukula kwa mpope umene mlimi wabwereka kwa mnansi wake. Makina amakhulupirira nambala imene auzidwa.

Ngakhale chithunzi, chimene anthu amachiyesa mboni yosanama, sichinena zonse. Tsamba la chimanga likachita chikasu, chifukwa chake chikhoza kukhala njala ya feteleza, madzi odikha m'mizere, matenda ofalitsidwa ndi tizilombo, kapena kaufiti uja asanatulukire pamwamba. Chithunzi cha tsamba limodzi, chojambulidwa dzuwa lili paliwombo ndi foni yosweka galasi, sichionetsa ngati mundawo uli m'dambo kapena kumtunda, ngati chaka chatha munali fodya kapena mtedza, ngati minda yoyandikana nayo yadwala. Mlimi amene wauzidwa kuti athire feteleza pamene vuto ndi madzi wataya thumba limene analigula pogulitsa mbuzi.

Palinso nkhani ya mankhwala. M'dziko muno mankhwala ophera tizilombo amayenera kulembetsedwa ku bungwe la Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2000. Makina amene anawerenga zolembedwa za maiko onse amadziwa mankhwala ambiri, ena a iwo osaloledwa kuno. Ndipo dzina lolakwika likatuluka m'foni, pamsika sipasowa wogulitsa amene adzatulutsa botolo losalembedwa nati ndi omwewo. Zonsezi ndi mbuna zimene zili pa njira ya makina aliwonse olangiza, a bungwe ili kapena a lina, ndipo mabungwe ofuna kubweretsa zida zotere akunka nachuluka.

Nchifukwa chake nkhaniyi siingayesedwe ndi muyeso wa mtauni. Kalaliki wa mu ofesi akalandira yankho lolakwika kwa makina amataya ola limodzi, nalemba kalata ina. Mlimi wa ku Nathenje mvula imamugwera nyengo imodzi pachaka, ndipo langizo loipa la mu December limamveka m'nkhokwe mpaka February wa chaka chinacho, ana akugona ndi njala.

Munthu wapakati

Pa chifukwa chimenechi kuika munthu pakati pa foni ndi mlimi ndiyo mbali yolemera koposa ya ntchito yonseyi, ndipo amene anaiganiza ayenera kuyamikiridwa. Komabe si munthu aliyense woimirira pafupi ndi makina amene ali woyang'anira makinawo. Ngati wonyamula foni angowerenga zimene zatuluka, nagwedeza mutu, iye wasanduka chimkuzamawu chabe, ndipo kukhalapo kwake kwangowonjezera ulemu pa mawu amene sanawayese. Choopsa chili pakuti makina akalondola kasanu ndi kanayi, munthu amaleka kuyang'anitsitsa kachikhumi. Akatswiri a maiko ena analiona khalidwe limeneli kalekale mwa oyendetsa ndege ndi mwa madokotala, anthu ophunzira kwambiri. Nanga mnyamata wa m'mudzi amene anaphunzitsidwa masiku owerengeka angalipewe bwanji popanda womuthandiza?

Maiko a ku Ulaya analilemba vuto limeneli m'lamulo lawo la nzeru za makina, limene linayamba mphamvu pa 1 August 2024. Ndime 14 ya lamulolo ikunena za makina amene kulakwa kwake kungavulaze anthu kwambiri, ndipo ifuna kuti woyang'anira azidziwa malire a makinawo, azikumbukira kuti mtima wa munthu umapendekera ku kukhulupirira makina, ndiponso akhale ndi mphamvu yokana yankho kapena kuimitsa makinawo. Lamuloli silimanga dziko la Malawi, koma muyeso wake ungathe kuikidwa pa bwalo la mudzi uliwonse. Kodi wonyamula foni adziwa ulimi mokwanira kuti azindikire yankho lokhota? Kodi ali nayo nthawi yopita kukaona mundawo, kapena alimi makumi atatu akumudikira pamzere? Ndipo akati foni yalakwa, kodi alipo amene adzaima kumbuyo kwake?

Funso lotsirizali ndilo lovuta kumudzi. Mnyamata kapena mtsikana amene atsutsa foni pamaso pa akuluakulu aoneka ngati wodzikuza, pakuti anthu amati zinthu zochokera kunja sizinama. Ndiponso ngati ntchito yake iyesedwa ndi kuchuluka kwa mafunso amene watumiza pamwezi, iye sadzataya nthawi ndi kukayika. Pamwamba pa izi pali mlangizi wa Boma mwini dera, amene angafike pa mudzi Lachinayi nanena kuti alimi asathire mankhwala, osadziwa kuti Lolemba foni inanena kuti athire. Alimi adzamva mawu awiri osiyana, ndipo onse awiriwo adzawayesa a Boma, popeza anauzidwa kuti makinawo amalankhula za m'buku la Boma. Apa mpamene antchito a Unduna ayenera kutsegula maso. Chida chingakhale cha bungwe la ku Chicago, makina a mkati mwake angakhale a kampani ya ku San Francisco, koma mbewu ikapserera ku Nathenje anthu sadzapita ku America kukadandaula. Adzapita kwa a mfumu, ndipo kuchokera kwa a mfumu adzapita ku ofesi ya za malimidwe.

Chikumbutso cha malimidwe

Dziko lino linaonapo kale zimene zimachitika malangizo akakhala ndi pakamwa koma opanda khutu. M'chaka cha 1946 Boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo losamalira nthaka, ndipo itapita njala ya 1949 linayamba kulikakamiza mwamphamvu. Anthu analamulidwa kuunga mizere yopingasa, kukumba migula ndi kuzula mapesi a fodya ndi thonje pa masiku oikika. Wolephera anali kulipitsidwa, kumangidwa, kapena kuzuliridwa mbewu. Mawu akuti malimidwe anasanduka dzina la nkhanza, ndipo mlangizi anali kuthawidwa ngati msilikali wa msonkho. Chodabwitsa nchakuti malangizowo sanali oipa onse, pakuti mizere yopingasa ilipo mpaka lero m'minda yonse ya Lilongwe. Chimene anthu anadana nacho ndicho kuuzidwa ndi munthu amene sanafune kumva kuti nthaka ya pano si ya uko, ndiponso kusowa kokadandaula. Dr. Banda atakhala Nduna yoona za nthaka ndi zachilengedwe mu 1961, chikakamizo chinalekeka, ndipo alangizi anayamba ntchito yaitali yobweza chikhulupiriro cha alimi.

Makina samanga munthu ndiponso salipitsa chindapusa, kotero kufanana kwake sikupita patali. Koma nawonso angathe kulankhula kwa anthu zikwi zambiri popanda njira yakuti mawu a mlimi abwerere kumene yankho linachokera. Mlimi wolumidwa kamodzi sadzalemba kalata. Adzangouza anzake padambwe, pachigayo ndi pamaliro kuti za m'foni nzabodza, ndipo mudzi wonse udzaleka kufunsa ngakhale pa zinthu zimene makinawo akanathandiza.

Za milandu ndi malamulo

Kunja funso la mwini mawu lafika kale m'mabwalo a milandu. Ku Canada munthu wina amene agogo ake anamwalira anafunsa makina oyankha makasitomala a kampani ya ndege ya Air Canada za mtengo wotsika wa opita kumaliro, ndipo makinawo anamuuza kuti agule tikiti, ndalama zina adzabwezeredwa pambuyo pake. Lamulo la kampaniyo silinali lotero, ndipo inakana kubweza. Pa mlandu kampaniyo inayesa kunena kuti siyingasenze zonena za makinawo. Koma mu February 2024 bwalo la ku British Columbia linagamula kuti chilichonse chimene chanenedwa pa khomo la kampani ndi mawu a kampaniyo, ndipo linailamula kulipira. Ndalama zake zinali zochepa, madola a ku Canada opitirira pang'ono 800, koma chigamulocho chinamveka maiko ambiri.

Ku Netherlands zinafika poipa koposa. Ofesi ya misonkho inali kugwiritsa ntchito kompyuta posankha mabanja okayikiridwa kuti akuba ndalama zothandizira kulera ana, ndipo mabanja oposa 20,000 anatsutsidwa popanda chifukwa, nalamulidwa kubweza ndalama zambiri. M'maofesiwo munali anthu, koma anthuwo sanaimitse chinthucho kwa zaka zingapo. Mu January 2021 nduna zonse za Boma la Mark Rutte zinatula pansi udindo chifukwa cha nkhani imeneyi.

Kuno kwathu Boma silinakhale manja lende. Lamulo loteteza mbiri ya anthu linayamba kugwira ntchito mu June 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli likhudza onyamula mafoni mwachindunji, pakuti dzina la mlimi, nambala yake, mudzi wake ndi mawu ake ojambulidwa si zinthu zotola panjira. Mwini wake ayenera kudziwa kumene zikupita ndi ntchito yake. Koma lamulo limeneli likunena za kusunga mbiri ya munthu. Silinalembedwe kuti liweruze ngati langizo la mbatata lili lolondola. Bungwe la UNESCO linagwirizana mu November 2021 kuti udindo wotsiriza pa zochita za makina uzikhala pa munthu kapena pa bungwe lodziwika, ndipo bungwe la African Union linavomereza ndondomeko yake ya nzeru za makina ku Accra mu July 2024. Awa ndi mawu abwino a pamwamba. Pakati pa Accra ndi munda wa mbatata pali mtunda umene palibe chikalata chingauyende chokha.

Ntchito ya pa Nathenje

Mtunda umenewu udzayendedwa ndi zida zimene antchito a Boma azidziwa kale: buku lolembamo, msonkhano wa pamwezi ndi munda wa chitsanzo. Popeza yankho la makina silingawerengedwe lisanatuluke, liyenera kuwerengedwa litatuluka. Wonyamula foni azilemba tsiku, mudzi, funso, yankho ndi chimene mlimi anachita. Tsono mlangizi wa Boma wa m'deralo aziliona bukulo, nasankhe mayankho ena kuti akawatsate kumunda pakapita masabata awiri kapena atatu. Pamene pali nkhani ya mankhwala oopsa, ya matenda a ziweto ofalikira monga chigodola cha nkhumba, kapena ya kusiya mbewu imene banja lidalira, foni isakhale ndi mawu otsiriza. Nkhani zotere zizifika kwa mlangizi kapena kwa dokotala wa ziweto. Yankho likapezeka lolakwa, lipite ku ofesi ya boma la Lilongwe ndi kwa eni chida, ndipo alimi amene analilandira auzidwe poyera kuti linali lolakwa. Kubisa cholakwa chimodzi poteteza mbiri ya ntchito ndiko kudzapha ntchitoyo.

Chitsanzo cha kachitidwe kotere chilipo kale m'dziko muno. Pa ntchito ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, kompyuta imathandiza kusanja mabanja monga mwa umphawi wawo, koma anthu a m'mudzi amakhala ndi mbali yawo pa msonkhano, kumene angathe kunena kuti uyu wasiyidwa molakwa, uyo ali ndi ng'ombe. Njirayi ili ndi zofooka zake, ndipo madandaulo sasowa. Komabe ikuonetsa kuti makina ndi bwalo zingathe kuyendera limodzi. Makomiti a ulimi a m'midzi, amene alipo kale, angathe kupatsidwa mphindi zochepa pa msonkhano uliwonse kuti anene zimene foni inalangiza ndi zimene zinatulukapo.

Ophunzira a dziko lino nawo ali ndi gawo lawo. Sukulu ya Bunda ili pakhomo penipeni, ndipo ku Thyolo sukulu ya ukachenjede ya MUST inatsegula malo a maphunziro a nzeru za makina mu 2023. Kungakhale kwanzeru kuti akatswiri a malo amenewa asonkhanitse mafunso enieni a alimi, m'Chichewa cha Nathenje momwe chilankhulidwira, ndi kuyesa nawo chida chilichonse chisanaloledwe kutchula dzina la Unduna. Ndipo mayesowo azibwerezedwa, pakuti eni makina amawasintha kawirikawiri, kotero kuti amene anayesedwa chaka chatha si amene akuyankha lero.

Aphunzitsi asaganize kuti nkhaniyi ndi ya a zamalimidwe okha. M'midzi yambiri mphunzitsi ndiye ali ndi foni yabwino, ndipo monga kale anthu anali kumubweretsera makalata a ku Joni kuti awawerengere, lero adzamubweretsera tsamba lodwala kuti awafunsire. Iye akawerenga yankho, makolo adzati anena ndi aphunzitsi. M'kalasi namo, kumene ulimi ndi phunziro la ana a pulaimale, muli mwayi wozoloweretsa ana kufunsa kuti mawuwa achokera kuti, ndi kuyesa langizo pa mizere iwiri ya munda wa sukulu asanalitengere kwa makolo awo. Safunsa anadya phula, koma wofunsa kamodzi nakhuta naye angathe kulidya. Chimodzimodzinso kalaliki kapena mkulu wa ofesi amene walembetsa lipoti kwa makina akumbukire kuti pansi pa pepalalo padzakhala siginecha yake, ndipo Mlembi Wamkulu akadzafunsa za nambala yolakwika sadzaitana foni.

Nyengo yoyesera zonsezi imadziwika. Mvula yobzalira ikagwa mu November kapena December, ntchemberezandonda zimaoneka chimanga chisanafike m'mawondo, ndipo ndi masabata amenewo pamene mafunso amachuluka, alangizi ali otanganidwa ndiponso njira zili zoterera. Mabuku olembamo ayenera kukhala atafika m'manja mwa onyamula mafoni, ndipo alangizi a Boma atadziwa maina a onyamulawo ndi midzi yawo, anthu asanamalize kuunga mizere.